Mkaidi wa ku Delmas amene adakana kudikira

Mwa nkhani zonse zimene malemu Simon Nkoli ankasimba za ubwana wake, yomwe anthu ambiri amaikumbukira ndi ya kabati ya zovala. Tsiku lina apolisi a boma la azungu la South Africa adafika pakhomo pawo kudzasaka anthu opanda mapasi. Makolo ake adalibe chilolezo chokhalira m'deralo, tsono mwanayo adawalowetsa m'kabati n'kuwatsekera momwemo mpaka apolisiwo atapita. Atakula, Nkoli adati zaka zonse zimene adakhala akubisa chimene iye adali zinkamkumbutsa kabati ija, ndipo adalumbira kuti sadzalowamonso.

Ndikudziwa kuti awerengi ena akangomva kuti Nkoli adali mwamuna wokonda amuna anzake, afuna kutembenuza tsamba lino n'kukawerenga za mpira. Kuno kwathu nkhani yotere timaikamba monong'ona, apo ayi timaitchula ndi mawu onyoza aja akuti mathanyula, kenako n'kulavula malovu. Koma tadekhani pang'ono, abale. Munthu ameneyu adakhala m'ndende zaka pafupifupi zitatu, chingwe chikumdikira, chifukwa cholimbana ndi boma la tsankho lomwe dziko lathu lidapalana nalo ubwenzi wa ukazembe m'chaka cha 1967, maiko ena onse a anthu akuda akulisala. Mbiri yake ndi gawo la mbiri ya ufulu wa kummwera kwa Africa kuno, kaya tiikonde kaya tisaikonde.

Tseko Simon Nkoli adabadwira ku Soweto pa 26 Novembala 1957, m'banja lolankhula Chisutu. Adakulira pafamu ya mzungu ku Free State komwe agogo ake ankagwira ntchito, kenako adakakhala ndi mayi ake ku Sebokeng, imodzi mwa malokeshoni a m'chigawo cha Vaal, kummwera kwa Johannesburg. Pamene ana asukulu a ku Soweto adaukira pa 16 Juni 1976 pokana kuphunzira m'Chiafrikaans, iye adali ndi zaka 18, ndipo moto umenewo udamgwira monga udagwirira anzake onse a msinkhu wake. Bungwe la ophunzira la Congress of South African Students, lomwe anthu ankangoliti COSAS, litakhazikitsidwa mu 1979, Nkoli adalowa ndipo posakhalitsa adasankhidwa kukhala mlembi m'chigawo cha Transvaal.

Kunyumba nako kudali nkhondo ina. Mayi ake atamva za mwana wawo, adachita zomwe mayi aliyense wa kuno akadachita. Adamtengera kwa asing'anga, kwa abusa, mapeto ake kwa dokotala wa za maganizo. Dokotalayo sadapeze nthenda iliyonse. M'malo mwake adamlangiza kuti ngati akufuna kukhala nyumba imodzi ndi bwenzi lake, lomwe lidali mzungu, azinamizira kuti ndi wantchito wa m'nyumba, poti lamulo silinkalola wakuda kukhala m'dera la azungu pokhapokha ngati ali wantchito. Taonani msampha wake: kuti abise mlandu umodzi, adayenera kuvala manyazi a mlandu wina. M'bungwe la COSAS namonso nkhaniyi idamveka, ndipo padabuka mkangano ngati munthu wotere angapitirize kutsogolera ophunzira. Anzake ambiri adamvotera kuti akhalebe pampando.

Mu 1983 Nkoli adalowanso bungwe lina la Gay Association of South Africa, kapena kuti GASA, lomwe lidayamba chaka chapitacho. Ambiri m'bungwelo adali azungu a ndalama zawo. Nawonso adali ndi zowawa zawo, pakuti apolisi atathyola phwando la amuna okhaokha ku Forest Town mu 1966, boma lidakhwimitsa malamulo mu 1969 mpaka kunena kuti paliponse pomwe pali anthu opitirira awiri ndi paphwando, ndipo mwamuna akasonyeza chikondi kwa mwamuna mnzake pamenepo ndi mlandu. Komabe akuluakulu a GASA ankati iwo za ndale sizikuwakhudza. Ankachitira maphwando awo m'malo omwe munthu wakuda samaloledwa, osaona chachilendo. Nkoli adayesa kuyambitsa kagulu ka anthu akuda m'bungwemo mu 1984, kotchedwa Saturday Group, koma chaka chomwecho zinthu zidatembenuka.

Pa 3 Sepitembala 1984, tsiku lomwe malamulo atsopano opatsa amwenye ndi makaladi nyumba zawo za malamulo koma kusiya akuda panja adayamba kugwira ntchito, anthu a ku Sharpeville, Sebokeng, Evaton ndi malokeshoni ena a ku Vaal adatuluka m'misewu pokana kukwera kwa lendi ya nyumba. Apolisi adawombera anthu. Khamu nalo lidapha makhansala ena omwe linkawaona ngati zidole za boma. Patangopita milungu itatu, Nkoli adamangidwa pamaliro a mmodzi mwa ophedwawo. Mu 1985 boma lidamuika pamodzi ndi amuna ena 21, ambiri a iwo a gulu la United Democratic Front, pa mlandu woukira boma, uchigawenga ndi kupha. Pakati pawo padali akuluakulu ngati a Popo Molefe, a Mosiuoa Lekota ndi a Moses Chikane. Mlanduwo adakaukambira ku Delmas, katauni ka alimi komwe kali makilomita oposa 60 kum'mawa kwa Johannesburg, dala kuti anthu asamadzaze bwalo. Chilango chake chikadatha kukhala kunyongedwa.

Apa m'pamene pagona nkhani yathu. Ali m'ndende, kudamveka kuti mkaidi wina adali pa chibwenzi ndi mwamuna mnzake. Andale aja adakhala pansi kukambirana, ndipo mawu omwe adatuluka pamenepo adali a kunyansidwa kokhakokha. Nkoli adapsa mtima n'kuwauza poyera kuti ngati akunyoza munthu ameneyo ndiye kuti akunyozanso iye. Chidatsatira chidali chipwirikiti cha milungu yambiri. Ena adakana kudya naye. Ena adati mlandu wake aupatule, akaweruzidwe yekha, poopa kuti boma ligwiritsa ntchito nkhaniyi kuipitsa mbiri ya gulu lonse pamaso pa anthu.

Tisafulumire kuwaweruza amuna amenewa. Mantha awo sadali opanda pake. Boma la Botha lidali katswiri pofalitsa mabodza, ndipo anthu omwe miyoyo yawo ili m'manja mwa woweruza mmodzi sangafune chinthu china chowonjezera katundu. Ngakhale omwe sankadana naye ankaona kuti nthawi yake siinakwane. Maganizo awo adali akuti tiyambe tagwetsa tsankho, zinazi tidzaziona pambuyo. Nkoli adakana, ndipo chifukwa chake chidali chosavuta kumva. Iye adali m'ndendemo pa mlandu umodzimodzi ndi iwo, chingwe chomwe chinkawadikira iwo chinkamdikiranso iye. Akadanyongedwa, pambuyo pakepo pakadakhala pati? Anzake ena, monga Gcina Malindi amene pambuyo pake adadzakhala woweruza milandu, adaima naye. Maloya awo, omwe pakati pawo padali a George Bizos ndi a Arthur Chaskalson, nawo sadalole zopatula mlandu. Onse 22 adakhalabe pa benchi imodzi.

Nanga azungu a ku GASA aja? Iwo ndiye adamtaya ngati chikolopa. Pofuna kutsimikizira bwalo komwe adali pa tsiku lina lomwe boma linkamnamizira, Nkoli adayenera kunena kuti adali kumsonkhano wa bungwelo, motero chinsinsi chake chidafika m'makutu a dziko lonse. Bungwelo lidangoti zii, poti za ndale silinkafuna. Choncho mnyamata uja adaonera mbali zonse ziwiri: akuda anzake akumuuza kuti za chikondi chake zidikire, azungu ofanana naye akumuuza kuti za khungu lake si nkhani yawo. Mabungwe a ku Britain, Canada ndi Netherlands ndiwo adayamba kumlembera makalata ndi kumveketsa dzina lake, ndipo mu 1987 bungwe la dziko lonse la ILGA lidaimitsa GASA chifukwa cha khalidwe limeneli.

Chaka chomwecho cha 1987 nkhaniyi idafika ku likulu la ANC ku Lusaka. Mayi Ruth Mompati, mmodzi mwa akuluakulu a chipanicho, adauza mtolankhani ndi womenyera ufulu Peter Tatchell ku London kuti anthu otere si abwinobwino ndipo nkhani yawo si yoti chipani chitaye nayo nthawi. Mawuwo atasindikizidwa, abwenzi a ANC ku Ulaya adakwiya. Mu Novembala a Thabo Mbeki, omwe pa nthawiyo ankayang'anira zofalitsa nkhani m'chipanicho, adalemba kalata yonena kuti ANC ikufuna kuthetsa tsankho la mtundu uliwonse, kuphatikizapo limeneli. Kalata ndi pepala chabe, komabe pepalalo lidali ndi kulemera chifukwa ku Delmas kudali munthu amene akadatha kufera chipanicho.

Nkoli adatuluka pa belo mu 1987 ndipo kumapeto kwa 1988 bwalo lidampeza wosalakwa. A Molefe, a Lekota ndi ena adapezeka olakwa, koma bwalo la apilo lidawamasula mu Disembala 1989. Mu 1988 momwemo Nkoli ndi anzake adayambitsa Gay and Lesbian Organisation of the Witwatersrand, mwachidule GLOW, bungwe loyamba la mtunduwu lomwe ambiri mwa mamembala ake adali akuda a m'malokeshoni, ndipo lidanena mosabisa kuti lili mbali ya omenyera ufulu. Pa 13 Okotobala 1990, a Mandela atangotha miyezi isanu ndi itatu ali mfulu, anthu pafupifupi 800 adayenda m'misewu ya Johannesburg kuchokera ku Braamfontein, ulendo woyamba wotere mu Africa muno. Ena adavala mapepala a m'sitolo kumutu kuti abwana awo ndi abale awo asawazindikire. Mvula itagwa mapepalawo adanyowa, ambiri n'kungowavula. Polankhula tsikulo, Nkoli adati iye ndi wakuda ndiponso ndi wokonda amuna anzake, ndipo sangang'ambe thupi lake pakati kuti mbali ina ikhale nkhondo yaikulu, ina yaing'ono.

Pambali pake tsiku limenelo padaima mtsikana wa ku Orlando West, Beverley Palesa Ditsie, wobadwa mu 1971, yemwe adalowa GLOW akadali pasukulu. Nkhope yake itaoneka pa wailesi ya kanema, amuna ena adafika kwawo ku Soweto kudzamuopseza kuti amgwirira kuti aphunzire kukhala mkazi. Apa Ditsie adazindikira kuti mtolo wake sudali wofanana ndi wa Simon. Mwamuna wokonda amuna ankaopa apolisi ndi zibakera. Mkazi wokonda akazi ankaopa zonsezo, kuwonjezanso mwamuna aliyense wa m'lokeshoni amene ankakhulupirira kuti thupi la mkazi ndi munda wake.

Mu Sepitembala 1995, pa msonkhano waukulu wa amayi womwe bungwe la United Nations lidachititsa ku Beijing motsogozedwa ndi Mayi Gertrude Mongella a ku Tanzania, Ditsie adaima pamaso pa nthumwi za maboma n'kunena kuti ufulu wa akazi okonda akazi anzawo ndi ufulu wa amayi, ndipo ufulu wa amayi ndi ufulu wachibadwidwe. Adali mkazi woyamba wotere wa mu Africa muno kulankhula poyera pa msonkhano wa bungweli. Mwezi umodzi m'mbuyomo a Robert Mugabe adali atathamangitsa bungwe la GALZ pa chionetsero cha mabuku ku Harare. Ku Beijing nako nthumwi zidakangana mpaka usiku womaliza, ndipo mawu omwe Ditsie ankafuna adachotsedwa m'chikalata cha msonkhanowo. Ena mwa omwe adakana adapereka chifukwa chomwe Nkoli adachimva kundende: pali umphawi, pali imfa za amayi oyembekezera, izi zidikire kaye.

Chowawa n'chakuti Ditsie adakamva mawu omwewo kunyumba, m'bungwe lomwe adathandiza kumanga. Edzi idali itayamba kudula anyamata a GLOW. Nkoli mwiniwake adadziwa kuti ali ndi kachilombo akadali kundende, ndipo adakhala mmodzi mwa amuna akuda oyamba kunena zimenezi poyera, n'kuika mphamvu zake pa ntchito yophunzitsa anthu a m'malokeshoni za matendawa. Amayi a m'bungwelo akadzutsa nkhani ya kugwiriridwa ndi ya utsogoleri, ankaona kuti amuna sakuwamva. Ubwenzi wa awiriwa udazirala kwa zaka, ndipo Ditsie adadzasimba zonsezi mu kanema wake wa 2002 wotchedwa Simon and I. Munthu yemwe adakana kudikira ku Delmas adapezeka kuti naye akudikiritsa mlongo wake. Ameneyu ndiye munthu, amamva msanga minga yomwe yabaya phazi lake.

Pa za malamulo, zipatso zidabwera msanga. Malamulo oyembekezera omwe adayamba kugwira ntchito pa 27 Epulo 1994, ndi malamulo aakulu a 1996 m'gawo 9, adaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamkonda. South Africa lidali dziko loyamba pansi pano kulemba zimenezi m'malamulo ake aakulu. Chipani cha African Christian Democratic Party chidatsutsa kolimba, ndipo n'zosakayikitsa kuti anthu wamba ambiri, akadafunsidwa mmodzimmodzi, akadagwirizana nacho. Koma m'zipinda momwe ankalemba malamulowo mudali anthu omwe ankamdziwa Nkoli. A Lekota, omwe adakhala nduna yaikulu ya Free State kenako nduna ya chitetezo, adadzavomera poyera kuti iwo ndi anzawo adasinthira maganizo kundende, ndipo sakadatha kulola kuti munthu amene adasenza nawo goli asalidwe m'dziko lomwe adalimenyera. Pa 9 Okotobala 1998 bwalo lalikulu loona za malamulo lidafafaniza lamulo loletsa amuna kugonana. Nkoli adamwalira ndi Edzi pa 30 Novembala chaka chomwecho ali ndi zaka 41, pa nthawi yomwe mankhwala otalikitsa moyo adalipo kale ku Ulaya koma osauka a ku Africa sankawakwanitsa. Patangopita masiku khumi, mnzake Zackie Achmat ndi ena adayambitsa Treatment Action Campaign, gulu lomwe lidakakamiza boma ndi makampani kuti mankhwalawo afike kwa anthu wamba. Pa 30 Novembala 2006, zaka zisanu ndi zitatu ndendende chimwalirire Nkoli, lamulo lolola maukwati a amuna kapena akazi okhaokha lidayamba kugwira ntchito.

Koma pepala silitchinga mpeni. Mu Epulo 2008 Eudy Simelane, yemwe adasewerapo mpira m'timu ya dziko ya Banyana Banyana, adagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema. Zomwe Ditsie ankanena zija zidali zisanathe. Mu 2012 amayi a gulu la One in Nine adagona pamsewu kutsogolo kwa ulendo wa chaka ndi chaka uja wa ku Johannesburg, kupempha mphindi imodzi yokha yokumbukira akazi akuda ophedwa motere. Okonza ulendowo, womwe tsopano udali utasanduka phwando la m'dera la anthu olemera, adawakankha kuti achoke panjira.

Ophunzira a m'badwo wotsatira adakumana ndi funso lomweli. Mu Malichi 2015 a pa yunivesite ya Cape Town adayamba kufuna kuti chiboliboli cha Cecil Rhodes chichoke, ndipo chidachotsedwa pa 9 Epulo. Mu Okotobala chaka chomwecho sukulu zaukachenjede za dziko lonse zidaukira kukwera kwa fizi. Uthenga unkayenda pa Twitter ndi Facebook, osati pa timapepala tobisa m'masokosi ngati nthawi ya COSAS, ndipo atsikana ambiri ndiwo adali patsogolo. Komabe mu Malichi 2016 ophunzira omwe adabadwa ndi thupi lachimuna koma amadziona kuti ndi akazi, ndi anzawo a mbali inayo, adasokoneza chionetsero cha zithunzi cha gulu lawo lomwe ku Cape Town, ponena kuti amuna a m'gululo adawagwiritsa ntchito kenako n'kuwafufuta m'mbiri. Mwezi wotsatira, pa yunivesite ya Rhodes ku Grahamstown, atsikana adatseka sukulu pokwiya ndi momwe akuluakulu ankasamalira madandaulo a kugwiriridwa, maina 11 a amuna oganiziridwa atafalitsidwa pa Facebook. Kutchula munthu popanda bwalo ndi chinthu choopsa, ndipo ambiri adanena zimenezo moyenera. Koma atsikanawo adayankha kuti adagogoda pa makomo onse oyenera ndipo paliponse adauzidwa kuti adikire.

Nanga ife kuno? Ophunzira athu a ku Chancellor College adatuluka mu Malichi 1992 kuchirikiza kalata ya mabishopu, ndipo amayi athu akukumbukira bwino zaka 20 zomwe lamulo la 1973 lidawaletsa kuvala buluku. Tikudziwa kukoma kwa kuuzidwa kuti ufulu wako wafika. Gawo 20 la malamulo athu aakulu limaletsa tsankho la mitundu yambiri, koma mawu omwe ali m'gawo 9 la anzathu a ku Joni mulibe. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka zaka zofika 14. Mu Meyi 2010 anthu awiri omwe adachita chinkhoswe ku Blantyre adalamulidwa kukhala kundende zaka zonsezo, ndipo a Bingu wa Mutharika adawakhululukira patangopita masiku asanu ndi anayi, a Ban Ki-moon ali m'dziko muno. Mu 2011 tidawonjeza gawo 137A lokhudza akazi. Mu Juni 2024 bwalo loona za malamulo aakulu lidakana kufafaniza magawo akalewo, pomwe anansi athu a ku Mozambique adachotsa lamulo lawo lotere mu 2015.

Sindikulemba kuti ndiuze munthu chimene ayenera kukhulupirira ku tchalitchi kapena ku mzikiti kwake. Koma pali mawu omwe timakonda kunena, akuti zonsezi adabweretsa ndi azungu ndi ndalama zawo, ndipo mbiri ya Nkoli siikugwirizana nawo. Lamulo lomanga anthu otere kuno lidabwera ndi Angerezi nthawi ya Nyasaland. Azungu ofanana ndi Nkoli m'dziko lake adamthawa pamene adawafuna kwambiri. Omwe adasintha maganizo adali amuna achikuda, ena a iwo opemphera zedi, omwe adatsekeredwa naye zaka zitatu, akukangana naye usana ndi usiku, mpaka adayambanso kudya naye mbale imodzi. Makalata omwe ankalemba ali kundende amasungidwa ku Johannesburg, m'nkhokwe ya GALA yomwe idatsegulidwa mu 1997. Amene adawawerenga amati ambiri amakamba zinthu wamba: zovala zomwe ankafuna kuti amtumizire zoti akavale kukhoti, mabuku, nyimbo, ndi kusungulumwa kwa mnyamata yemwe ankangofuna kudziwa ngati bwenzi lake libwera kudzamuona.